Makadi Akuti Muyambe Ndinu, Bwana

Wogwira cholembera ndi mwana wanga Esinati, namwino wa ku Makwasa, koma mawu ndi anga, ine Edina. Sukulu sindinaiponde, mapepala onse a moyo wanga anasayinidwa ndi chala chachikulu. Ndamuuza kuti akamaliza andiwerengere kawiri, masiku osiyana, chifukwa munthu wolemba sindimukhulupirira msanga ngakhale ndinamubala ndekha. Ndikufuna adzukulu adziwe ntchito imene ndinagwira, popeza ena amva kale kwa anthu kuti agogo awo anali a juga. Juga sindinatchovepo. Ine ndinkagawa makadi, ndipo zimenezi n'zosiyana.

Chaka chimene Esinati anasiya kuyamwa

Za ubwana wanga ku Chimaliro tizisiye, zinali ngati za aliyense. Ndinalowa ntchito pa esiteti ngati wothyola tiyi, dengu kumsana, chiperoni chikulowa mpaka m'mafupa. Lamulo linali limodzi: masamba awiri ndi kansonga. Ukathyola tsamba lokhwima kapitawo ankakukhuthulira dengu lonse pansi kuti usankhe pamaso pa anzako. Pa sikelo ndi pamene ndinaphunzira kuyang'ana thupi la munthu osati pakamwa pake. Kalaliki wina ankatchula makilo maso ali kwina, bondo lake lili pafupi kwambiri ndi thumba lolendewera. Sindinamugwirepo, koma mpaka lero ndimati bondo lija linali ndi ntchito yake.

Bambo a Esinati anali mlonda wa ku fakitale, ndipo chifukwa cha ntchito yawo tinapatsidwa nyumba ya zipinda ziwiri kumalayini. Atamwalira ndi chifuwa ndinatsala ndi ana anayi ndi nyumba yosakhala yanga. Pa esiteti nyumba imayenda ndi ntchito. Ntchito ikatha amakupatsa masiku owerengeka, kenako thirakitala imabwera kudzanyamula katundu. Kwathu ku Chimaliro kamunda ka amayi anali atagawana kale achemwali anga, malo omanga ngakhale khola la nkhuku panalibe. Wothyola tiyi wa nyengo ya mvula yokha sankapatsidwa nyumba. Ndiye atandiuza kuti ku kalabu ya mabwana kukufunika wotsuka makapu wa chaka chonse, ndinapita ndisanafunse n'komwe za malipiro. Nyumba imeneyo muikumbukire, chifukwa zonse ndikunenazi zikuzungulira pa iyo.

Chaka chimene mlatho wa kumunsi unakokoloka

Bwana wamkulu masiku amenewo anali mzungu amene tinkawatcha a Chiperoni, popeza ankangotulukira osawayembekeza ndipo akafika aliyense ankazizidwa. Loweruka lililonse masana iwo ndi anzawo asanu ankakhala pakhonde la kalabu kusewera poka wa makadi asanu ndi awiri. Ankagawa mosinthana, ndipo sabata iliyonse ankakangana, wina kunena kuti mnzake wasuzumira khadi la pansi, wina kuti sanasakanize bwino. Tsiku lina a Chiperoni anandiona ndikusanja masosala, timbale ta makapu a tiyi, msangamsanga, nandifunsa m'Chichewa chawo chopindika ngati ndimatha kuwerenga buku. Ndinati ayi. Anafunsa ngati ndili ndi m'bale pakati pa mabwanawo, ine n'kuseka. Iwo anati zili bwino kwambiri, ndikatenge mpando. Ndinapita kunyumba ndikudzifunsa kuti ndi ntchito yanji imene munthu amaiyenera chifukwa cha umbuli, ndipo ndinaganiza kuti pakadzavuta kanthu adzafuna woti amuloze chala. Sindinalakwitse kwenikweni, kungoti zinatenga zaka.

Makadi ndinawaphunzira ndi maso. Zolembedwa pakona sindinkazidziwa, koma timadontho ta pakati ndinkatiwerenga bwinobwino, ndipo a zithunzi ndi osavuta: jeki, kwini, kingi, pamwamba pawo esi. Mitundu inayi ndinaipatsa mayina anga, khasu, mtima, dayimondi ndi maluwa. Kagawidwe kake kanandikumbutsa kumunda. Aliyense akaponya kabatani kamodzi pakati, poti ankasewera ndi timabatani ta pulasitiki toimira ndalama, ndinkamupatsa makadi awiri ovundikira ndi limodzi loyang'ana kumwamba. Masamba awiri ndi kansonga. Kenako lachinayi, lachisanu ndi lachisanu ndi chimodzi onse oonekera, lomaliza lovundikira. Pakati pa khadi ndi khadi anthu amalankhula: wina aponya mabatani, wina afananiza, wina aonjezera, wina agogoda tebulo kuti ndadutsa, wina ataya makadi ake n'kupinda manja. Pamapeto otsala amaonetsa, ndipo wa makadi asanu abwino koposa amakokera zonse kwa iye.

Koma chimene a Chiperoni anandiphunzitsa masabata atatu athunthu si kugawa. Anati kugawa angathe ngakhale mwana, ntchito yanga yeniyeni ndi kunena woyamba kulankhula. Pa makadi atatu oyamba, amene khadi lake loonekera ndi laling'ono kuposa onse ndiye amayamba, afune asafune, amaponya kabatani kotsegulira. Awiri akafanana, mtundu ndi umene umaweruza: maluwa ndiye otsika, kenako dayimondi, mtima, pamwamba khasu. Kuchokera pa khadi lachinayi zimatembenuka. Woyamba amakhala amene makadi ake oonekera ndi amphamvu kuposa onse, ndipo awiri ofanana, ngakhale akhale ma thuu, amaposa esi ali yekha. Akalankhula iyeyo mawu amayenda kumanzere kwake, mpando ndi mpando, osadumpha munthu, mpaka kwa amene wakhala kumanja kwake. Ameneyo ndiye womaliza. Ndiye khadi lililonse latsopano likagwa, woyamba akhoza kusintha, womalizanso n'kusintha. Pa khadi lomaliza lokha ndi pamene sipasintha, poti ndi lovundikira, amayambanso uja anayamba kale.

Ndinawafunsa tsiku lina chifukwa chake wamphamvu amayamba, pamene kwathu wamkulu amadikira. Anandiuza kuti ndiyang'anire ndekha Loweruka limodzi lokha amene akumaliza kulankhula. Ndinayang'ana, ndipo ndinaona. Womaliza wamva kale amene ali ndi mantha, wamva amene walimba mtima. Onse akagogoda tebulo iye amaponya mabatani ambiri, anzake n'kuthawa, ngakhale alibe kanthu. Awiri akayamba kuonjezerana iye amataya makadi asanataye chilichonse. Woyamba amalankhula ali mumdima. Masewerawo anawakonza choncho kuti amene makadi amukondera alipire poyamba kutsegula pakamwa, ndipo mpando wabwinowo usakhale wa munthu mmodzi. Ine ndinkagogoda ndi chala patsogolo pa makadi a woyamba, osanena kanthu. Ndinagogodapo patsogolo pa a Chiperoni kambirimbiri, munthu amene akapitawo ankabisala m'tiyi akamva galimoto yake, ndipo ankamvera chala changa ngati mwana wa sukulu.

Chaka chimene Esinati analowa sekondale

A Chiperoni atabwerera kwawo, mpando wawo anautenga a Malikebu, munthu wa ku Nchilamwela konkuno, bwana wamkulu woyamba wakuda pa esiteti yathu. Tsiku limene analowa mu ofesi amayi a kumalayini tinalulutira mpaka mawu kusasa. Ndipo ndinene zoona, anali munthu wabwino m'zambiri. Maliro akagwa ankatulutsa lole osadikira kupemphedwa kawiri, ndipo akakumana ndi nkhalamba panjira ankaipatsa moni m'Chilomwe. Lolemba lililonse ankachititsa msonkhano wa mabwana ang'onoang'ono, ine ndikuwathirira tiyi. Aliyense ankalankhula, iwo ali chete akuzungulitsa supuni m'kapu, ndipo onse akatha ankamanga nkhani ndi mawu awiri atatu. Palibe ankadabwa. Wamkulu amatero.

Azungu ena aja anachokanso mmodzimmodzi, koma tebulo la Loweruka linatsala. Pamipando panakhala anthu athu. Kumanzere kwa a Malikebu kunkakhala a Sitolo, oyang'anira minda, munthu wofatsa wosakonda phokoso. Moyang'anizana nawo a Namakhwa a ku fakitale, amtima wapachala, okonda kuseka anzawo koma osafuna kusekedwa. Ena atatu ankasinthasintha.

Loweruka loyamba, pa khadi lachinayi, a Malikebu anagwetseredwa kingi, ndipo panalibe wowaposa. Chala changa chinanyamuka. Chisanafike pa tebulo iwo anatembenukira kumanzere, supuni ili m'kapu, nati, "Tiyeni a Sitolo, tikumvereni kaye." A Sitolo analankhula, wotsatira analankhula, mawu anazungulira tebulo lonse, a Malikebu n'kumaliza. Chala changa ndinachibweza pa chitenje. Ndinadziuza kuti aiwala, Loweruka likudzalo akumbuka. Kugogoda patsogolo pa mzungu kunali kosavuta, mzungu ali kunja kwa mwambo wathu. Koma ine wotsuka makapu, mkazi wamasiye, kuloza chala bwana amene tinamululutira, pamaso pa anthu ake, n'kumuuza kuti alankhule? Ndinangogawa khadi lotsatira.

Sanakumbuke Loweruka linalo, kapena mwezi wotsatira. Akakhala oyamba ankapereka mawu kwa a Sitolo. Akakhala pakati, mawu akafika pa iwo ankangokupiza dzanja kuti pitirizani, n'kudzalankhula onse atatha. Mpando umene masewera amausuntha khadi lililonse iwo anaukhomera pansi. Ndipo anayamba kupambana, osati dzanja lililonse, kunena ulendo uliwonse wogawa makadi, koma Loweruka lililonse mulu wa mabatani unkathera patsogolo pawo.

Panali kanthu kamodzi kamene kankandisowetsa mtendere. Pa makadi atatu oyamba, khadi lawo likakhala laling'ono kuposa onse, sankadikira kuuzidwa. Kabatani kotsegulira kankagwa pakati ndisanakweze n'komwe maso. Tsiku lina iwo anali ndi thuu wa dayimondi, a Namakhwa thuu wa maluwa, ndipo a Malikebu ndi amene anati maluwa ndiye otsika, atsegule ndi a Namakhwa. Munthu wodziwa kuti maluwa ali pansi pa dayimondi angaiwale bwanji kuti kingi amayamba? Funso limeneli ndinalisunga m'mimba zaka zitatu.

Chaka cha mizere ya shuga ndi dizilo

Kunabwera nyengo imene zinthu zinasowa. Shuga wa ku kalabu ndinkamuyeza ndi kasupuni kakang'ono, malole ankagona pa fakitale kudikira mafuta, ndipo makadi atsopano amene ankabwera ndi katundu wa ku Blantyre anasiya kubwera. Tinatsala ndi paketi imodzi yakale, yofewa ngati nsanza. Kwini wa mtima anali ndi banga la tiyi kumsana, jeki wa khasu anali wopindika pakona. Sindibisa, ndinkawadziwa. Koma aliyense wokhala pa tebulo ankawadziwanso.

Zinthu zikasowa anthu amayamba kuyang'anana. A Namakhwa anali ataluza miyezi yambiri, ndipo akazi awo anali atayamba kufunsa. Anayamba ndi nthabwala, kunena kuti manja a Edina ali ndi bwana wawo. Kenako anati ndizisakaniza makadi kasanu ndi kawiri iwo akuwerenga. Kenako anati ndivule juzi ya manja aatali ngakhale kunali chisanu cha Juni. Loweruka lina atatha masewera ananditsatira kukhitchini ndi wophika wamkulu ngati mboni, nandiuza kuti ndikhuthule thumba la epuloni. Munali machesi, kansalu, ndi kamuzu kamene ndinkatafuna chifukwa cha dzino. A Namakhwa anakanyamula ndi zala ziwiri ngati agwira njoka. Ndinawauza kuti akatafune aone ngati kangawapatse ma esi, koma sanaseke.

Nkhani inafika kumalayini ine ndisanafike. Pa mpopi amayi ankasiya kulankhula ndikamayandikira ndi ndowa. Ena anati ndili ndi mankhwala ochokera ku Mozambique. Ena anati mankhwala ayi, mkazi wamasiye sangakondere bwana popanda chifukwa, ndipo mayi a kunyumba kwa a Malikebu, amene ankandipatsa zovala zakale za ana awo, anayamba kundidutsa ku tchalitchi ngati mtengo. A Namakhwa analemba kalata ku komiti ya kalabu kuti wogawa makadi achotsedwe. Wapampando wa komitiyo anali a Malikebu.

Anandiitana ku ofesi Lachitatu m'mawa. Analankhula mofatsa kwambiri. Anati iwo akudziwa kuti ndine munthu wokhulupirika, koma anthu akadandaula mtsogoleri amayenera kumva. Anati a Namakhwa akapita ku Limbe akagula paketi yatsopano ndi ndalama zawo, ndipo komiti yagwirizana kuti Loweruka tiyese nayo. Zinthu zikayenda monga kale, ndiye kuti vuto si makadi, ndi manja. Anati ndisade nkhawa, zikavuta adzandilembetsa kothyola tiyi mvula ikayamba. Ndinafunsa za nyumba. Anayang'ana pawindo nati malamulo a nyumba sanawalembe ndi iwo.

Ndinatuluka ndikudziwa kale mmene zithere. Makadi atsopano sakanasintha kanthu, chifukwa vuto silinali m'makadi. Bwana akanapambanabe, ndipo ine ndikanachoka ndi dzina la wakuba, ana anayi pa thirakitala. Ndipo ndinaona kuti kwa iwo zinali bwino kuti zithe choncho.

Ndinapita kwa a Sitolo kumunda wa nambala seveni, ndinawapeza akuyang'anira odulira tiyi. Ndinawafunsa ngati m'zaka zitatu zonsezi sanaone kuti amayamba kulankhula nthawi imene si yawo. Anathyola tsamba, analipotokola, nati, "Mayi, ine ndili ndi ana asanu ndi mmodzi. Bwana akati tikumvereni, ine ndimalankhula." Pamenepo ndinadziwa kuti sindinali ndekha woona. Ndipo ndinayamba kukayikanso a Namakhwa, munthu wochenjera amene ankayendetsa makina onse a fakitale. Kapena nawonso ankaona. Kungoti bwana wamkulu sangalembedwere kalata, koma wotsuka makapu angalembedwere.

Lachisanu masana ndinapalira nandolo kuseri kwa nyumba mpaka khasu kutentha, ndikuganiza. Njira ina inandibwerera, sindibisa: kugawa mokhota kuti bwana aluze tsiku limodzi lokhalo. Manja anga akanatha. Koma ndikanakhala ndachita chimene ankandinamizira, ndipo Loweruka lotsatira ndikanachitanso, mpaka liti? Kukhala chete kunali kutaya nyumba. Kulankhula mwina kunalinso kutaya nyumba, koma dzina likanatsala.

Loweruka la paketi yatsopano

A Namakhwa anang'amba pepala la paketi okha, anawerenga makadi onse, nawaika patsogolo panga osandiyang'ana. Pakhonde panali anthu ambiri kuposa masiku onse, ena oti sasewera n'komwe, ataimirira ndi mabotolo awo. Ndinapinda manja a malaya mpaka m'zigongono.

Dzanja loyamba linatha msanga, onse anataya pa khadi lachitatu. Lachiwiri ndinagawa awiri ovundikira ndi limodzi loonekera. A Namakhwa anali ndi firii, anatsegula. A Malikebu anali ndi naini wa khasu, anafananiza, anthu anayi anatsala. Ndinagawa lachinayi. A Sitolo anapeza esi. A Namakhwa kwini. A Malikebu naini wina, wa mtima. Ma naini awiri, poyera, patsogolo pawo.

Supuni inayamba kuzungulira m'kapu. "Tiyeni a Sitolo, ndi esi yanuyo."

A Sitolo anatambasula dzanja kumabatani. Ine ndinaika paketi pansi, ndinatsika pampando, ndinagwada pasimenti pambali pa tebulo monga mmene mkazi amagwadira popereka madzi kwa apongozi. Mawu anatuluka aang'ono, koma pakhonde panali zii, ndiye anamveka.

"Pepani bwana. Makadi akuti muyambe ndinu."

Supuni inaima. A Sitolo anabweza dzanja ngati akhudza mbaula.

"A Edina," anatero a Malikebu, "mwayamba liti kutiphunzitsa kusewera?"

"Si ine, bwana. Ndi ma naini anu awiriwo. Awiri ofanana amaposa esi. Wamphamvu amayamba, kenako a Sitolo, kenako kuzungulira. Ndinalakwa ndine osanena kale."

Sindikudziwa kuti ndinagwada nthawi yaitali bwanji, koma ndikukumbuka kuti simenti inali yozizira ndipo nyerere imodzi inkakoka kambewu ka shuga pafupi ndi nsapato ya bwana. Ndinkangoyang'ana nyerereyo. Kenako a Malikebu anaseka, kuseka kwakukulu kwa pamsonkhano, nauza anthu kuti aone mmene esiteti yawo ilili ndi malamulo, ngakhale bwana wamkulu ali ndi kapitawo wake. Anthu anaseka nawo, mochedwa pang'ono. Anaponya mabatani awiri pakati, nandiuza kuti ndidzuke ndigwire ntchito.

Masana onsewo ndinagogoda tebulo khadi lililonse, monga masiku a Chiperoni. Kawiri bwana anakweza dzanja kuti akupize, kawiri anakumana ndi maso anga n'kulitsitsa. Pa dzanja lija la ma naini anayamba ndi mphamvu, a Namakhwa amene tsopano ankalankhula pambuyo pawo anaonjezera pa khadi lachisanu ndi chimodzi, ndipo bwana analipira mpaka pamapeto n'kupeza kuti a Namakhwa abisa ma kwini ena awiri pansi. Kale akanamva kuonjezerako asanaponye kanthu. Manja ena anapambana, poti kusewera ankadziwa ndithu. Dzuwa likupendeka mabatani anali atamwazikana kwa aliyense, ndipo mulu wa bwana unali wocheperapo kuposa umene anayamba nawo.

A Namakhwa sanapepese, tsiku limenelo kapena lina lililonse. Kupepesa kwa ine kukanakhala kunena kuti wolakwa anali wina. Anangotola paketi yawo, naibwezanso pa tebulo, nati ikhale ya kalabu. Za kalata ija sindinamvenso, palibe anandiuza kuti yang'ambidwa. Amayi a pa mpopi anayambanso kundilankhula pang'onopang'ono, ngati kuti iwo ndi amene akundikhululukira.

Patatha miyezi iwiri a Malikebu anati ntchito yachuluka, sakhalanso ndi nthawi ya makadi. Popanda bwana tebulo linafa lokha. Mwezi wachitatu ndinalandira pepala, Esinati anandiwerengera, lonena kuti ndasamutsidwira ku nazale ya mbande za tiyi, ku divishoni ya kumapeto kwenikweni kwa esiteti, kumene basi sifika. Pepalalo linati ndakwezedwa. Malipiro anali omwewo. Koma ntchito inali ya chaka chonse, ndipo kunali nyumba, ya zipinda ziwiri ngati yoyamba, denga lake lodontha pakona imodzi. Ndinakhala mmenemo kudzaza timatumba ta dothi mpaka ndinapuma, ana onse anayi atamaliza sukulu, ndipo ndi iwo amene anandigulira kamalo kano ku Chimaliro. Kaya kunali kundilanga, kaya kunali kundibisa kwa anthu olankhula, kaya zonse ziwiri, sindinadziwe.

Chaka chatha, mwezi wa fumbi

Maso anga anachita ng'ala, ndipo Esinati ananditengera kuchipatala tsiku limene madokotala a maso anabwera. Tinakhala pa benchi nkhalamba zambiri, aliyense atamatidwa kachizindikiro pamphumi pa diso lodwala. Pafupi nane panakhala bambo wina wa jekete yabwino koma yakale, ndodo pakati pa miyendo. Nkhope sindinkaiona bwino, koma atapempha madzi ndinawadziwa mawu. Nawonso anandidziwa nditapereka moni. Tinafunsana za ana. Anandiuza kuti mayi a kunyumba anatisiya, a Sitolo nawonso, a Namakhwa ali kwa mwana wawo ku Lilongwe.

Tinacheza ngati anthu amene sanalakwirane. Ndinaona kuti mpata wina sudzapezekanso, ndiye ndinafunsa. Ndinati bwana, zija za makadi, munkadziwa kapena simunkadziwa?

Anazungulitsa ndodo pakati pa zikhatho monga ankachitira ndi supuni. Kenako anati, "Inu mukuganiza bwanji, a Edina? Ndikumvereni kaye."

Ndisanayankhe namwino wina anatuluka ndi pepala naitana dzina lawo. Onse pa benchi tinali ndi mantha ndi mpeni wa m'diso, ndipo panalibe amene anali atatuluka kuti atiuze mmene zikukhalira mkatimo. A Malikebu sanadzuke. Ananditembenukira, nakupiza dzanja lija, lomwe lija.

"Tsogolani mayi, ndinu aakulu kwa ine."

Sindine wamkulu kwa iwo, amandiposa ndi zaka zingapo, ndipo onse awiri tinkadziwa. Ulendo umenewu sindinagwade, mawondo salola. Ndinangotambasula dzanja n'kugogoda kawiri pa benchi patsogolo pawo.

Anadzuka, natenga ndodo yawo, nalowa.